Mazira m'Rediyeta ya Chigayo

Bambo a chigayo cha ku Champhira salola madzi apachitsime m'injini yawo. Amathira amvula okhaokha, ndipo amayamba alawa kaye. "Amchere amadya chitsulo chomene," amatero.

Tsiku lina Mable, ataonetsa khadi lachipani pakhomo, anali pamzere ndi chimanga cha pamaliro pamene rediyeta inayamba kudontha, nthunzi ili tolotolo. Bambowo anatenga mazira awiri m'khumbi la nkhuku, nkuwaswera m'madzi owirawo.

Mable anagwira pakamwa. "Adada, ndapota, mazira m'injini? Ndi njala ilipoyi?"

"Akapsa mbwenu atseka chibowo, mama."

Kudontha kunalekadi, ndipo ufa unafika kusiwa nthawi yabwino. Koma kumeneko anthu anakamba za mazira kuposa za malemu.