Kapoto ka Chingwe Chofiira

Pasukulu ya mkaka ija ana ankangowatchula kuti Anti a Phala, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale aphunzitsi analiiwala kalekale. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankatakasa phala m'khitchini ya zenera limodzi kuseri kwa makalasi, kumene munthu ankafikako pokhapokha chakudya chikachedwa.

Kenako kunabwera kamtsikana kamene kakalawa mkaka kankatupa nkhope n'kuyamba kubanika. Anti anakagulira kapoto kakekake, n'kumanga chingwe chofiira pachogwirira, china pasupuni. Aliyense wokhudza kapotoko ankaona zakuda. Poopa kuti kangapise dzanja m'mbale za anzake, kamwanako kankadyera pakhomo pa khitchini, Anti ali pambali.

"Anti, kunyumba kwanu mumadya ndi ndani?" kanafunsa tsiku lina.

"Ndi wailesi, adona. Koma siyamikira."

Lolemba lina anakaphikira phala lake lopanda mkaka, anakanyiramo nthochi, n'kuika mbale pakampando. Anzake anadya, mbale zinabwerera, koma kamwanako osaoneka. Aphunzitsi aakulu podutsa anaima pang'ono.

"Aa, sanakuuzeni? Banja lija linasamukatu Loweruka. Kapotoko muziwiritsiramo tiyi."

Anti anakhala pakampando paja n'kudya phala lozizira ndi supuni ya chingwe. Atatha anatsuka kapotoko padera, monga mwa masiku onse, n'kukapachika pamsomali pake.

Papita zaka zitatu, chingwe chija chinafwifwa, koma mkaka sunalowemobe.