Zala za Inki Yofiira

Matenda a mwana wanga anandipeza ndili mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Makanjira. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma likakutumiza sufunsa ngati kumeneko kuli msewu. Ndinali nditakhalako zaka zinayi, ine ndi mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, bambo ake atamwalira kale. Chiyao ndinkadziwa cha moni ndi cha pamsika, ndipo ndinkadziona ngati anthu a kumeneko ndawadziwa. Ndinkadzinamiza.

Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anayamba kutopa popanda chifukwa. M'miyendo munkatuluka mikwingwirima ngati wina wamukwapula, ndipo akamatsuka mano nkhama zinkachucha magazi. Ndinamumwetsa mankhwala a malungo kawiri konse, osasintha. Titafika ku chipatala chachikulu ku Blantyre, dokotala anandikhazika pampando nkundiuza kuti ndi khansa ya m'magazi. Analankhula mofatsa kwambiri.

Mankhwala ake ndi ankhanza. Tsitsi lonse linathothoka, nsidze zomwe. Tsiku lomwe anatilola kukapuma kunyumba kwa milungu ingapo, mwanayo anandigwira dzanja.

"Amayi, anzanga asandione chonchi. Chonde."

Ndinavomera. Tinatsika lole atafunda chitenje kumutu mpaka kumapazi, dzuwa lili paliwombo anthu ali m'mithunzi, ndipo tinalowa m'nyumba popanda wotizindikira. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti mwana ali kwa azakhali ake ku Blantyre. Makatani ndinawasiya otseka.

M'chikwama ndinabweretsanso pepala. Makolo a ana a mu wodi yomwe mwana wanga anagonekedwa tinali titagwirizana zosonkhanitsa ndalama zothandiza kafukufuku wa matendawa. Madokotala anatiuza kuti pali zambiri zomwe akufuna kudziwa za mmene mankhwalawa amagwirira ntchito m'matupi a ana athu, ndipo kufufuza kumafuna ndalama. Ine ndinazigwira ndi manja awiri. Munthu ukamaona mwana wako akusanza tsiku ndi tsiku, umafuna chochita, chilichonse. Kholo lililonse linapatsidwa pepala loti likayende nalo kwawo. Pamwamba pake panali chithunzi cha dontho lalikulu la magazi, ndipo m'munsi munali mizere yolemba dzina, mudzi ndi siginecha.

Apa ndi pamene uphunzitsi wanga unandipweteka. Ine ndine munthu wa kaundula, mwana akajomba ndimalemba, akachedwa ndimalemba. Sindinkafuna kuti mawa wina adzati mayi uja anadya ndalama za odwala. Choncho aliyense wopereka, kaya kangachepe bwanji, ndinkamulemba dzina ndi mudzi. Ambiri sankatha kusayina, ndiye ndinkawapaka chala chachikulu ndi bolopeni yomwe imakhala nthawi zonse m'thumba la mphunzitsi, yofiira yochongera ija, nkuwadinditsa papepala.

Woyamba kudinda anali aneba anga, mayi wa ana asanu amene ankayanika usipa pa thandala kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Anali munthu wa phwete lomveka mpaka kumjigo. Anayang'ana chala chawo nkuseka.

"Amadamu, mwandisandutsa wozinga nkhuku. Nanga akudwalawo ndi ndani?"

"Ana ena ku Blantyre," ndinayankha.

Mwana wanga anali chigonere mbali ina ya khoma lomwe tinatsamiralo.

Pomatha sabata, pepala linali litadzaza zala zofiira za asodzi, amayi a mandasi, ngakhale okonza maukonde kudooko. Ndinkaliyang'ana nkumanyadira. Masiku amenewo n'kuti pa wailesi pakumveka nkhani za anamapopa m'maboma ena, anthu amene akuti amayenda ndi timapaipi kupopa anzawo magazi. Mu ofesi ya aphunzitsi tinkaziseka nkhanizo, ndipo woseka kwambiri ndinali ine. Sizinandifike m'mutu ngakhale kamodzi kuti ndikuyenda m'mudzi mwa eni ake, ine mlendo, ndi pepala la dontho la magazi, nkumalemba anthu mayina.

Kenaka msodzi wina amene anadinda anadwala malungo aakulu. Ku chipatala chaching'ono anamuuza kuti magazi achepa m'thupi. Basi, mphekesera yoti ndikuthandiza anamapopa inayambira pomwepo. Lolemba m'kalasi mwanga munabwera ana osakwana theka. Lachitatu ndinaona bambo wina kunyanja akukwecha chala ndi mchenga, inki itachoka kalekale. Ndikafika pamjigo amayi ankanyamula ndowa zawo zosadzaza nkumapita. Aneba anga analeka kundipatsa moni, ndipo ana awo akayandikira khonde langa ankawakuwira. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi iwo amene anauza anthu kuti m'nyumba mwanga mumamveka munthu akubuula, chonsecho ndimati ndimakhala ndekha. Sananame.

Ndinachita mantha, mantha enieni. Ndinkadziwa zomwe zinkachitikira anthu oganiziridwa zimenezi. Ndikanatha kungoima pamsika nkunena zoona, koma ndinali nditalonjeza mwana, komanso ndinali ndi kamtima koti ine sindingadzichepetse pamaso pa mphekesera zopusa. Kuthawa nako kunali kovuta, mwanayo ankalephera ngakhale kuyenda mpaka kuchimbudzi osapumira.

Loweruka cha m'ma teni ndinkachapa kuseri pamene mwala woyamba unagwa padenga. Malata analira ngati nyumba yasweka. Ndinathamangira kumaso, manja ali thovu lokhalokha, ndipo ndinapeza bwalo la mpira ladzaza anthu. Ena ananyamula nkhafi, ena zikwanje. Bambo wina ananyamula chigubu cha petulo wa injini ya boti, ndipo maso anga anakakamira pa chigubu chimenecho. Ambiri ndinkawadziwa, ana awo ndinkawaphunzitsa.

"Tipatseni pepala lija!"

Linali m'chikwama pakhonde. Ndinalipereka. Analandirizana, aliyense akufuna chala chake, mpaka linang'ambika.

"Ndi za kafukufuku," ndinatero. "Madokotala akufuna kufufuza matenda a magazi."

Mawu amenewo anangothira mafuta pamoto. Mayi wina anakuwa kuti mwamva, wavomera yekha.

"Mwabisa ndani m'nyumbamo? Tsegulani!"

Ndinaima pachitseko nditatambasula manja. Sikunali kulimba mtima, miyendo ndiyo inakana kusuntha. Mwala wina unaswa zenera la kuchipinda komwe mwana anagona. Ndinamva madzi ofunda akutsika m'miyendo mwanga, ine mphunzitsi wa sitandade sikisi, pamaso pa makolo. Manyazi sanandigwire nkomwe. M'mutu munali chinthu chimodzi, kuti akathira petulo uja mwana wanga sangathe kuthawa.

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga. Anatuluka atagwira khoma, mutu uli mbee, wopanda mpango, manja owonda ngati bango. M'mphuno munkatuluka magazi, atadutsa kale pakamwa nkunyowetsa diresi pachifuwa. Anthu anabwerera m'mbuyo.

"Mwaona! Wayamba kupopa wake yemwe!"

Pamenepo ndinadziwa kuti tafa. Koma mwanayo anayang'ana m'gulumo mpaka anapeza aneba aja, amene anali kutsogolo, mwala uli m'manja. Anawalankhula m'Chiyao, chomwe iye ankachidziwa kuposa ine chifukwa chosewera ndi ana awo. Anati ndine ndemwe, ndikudwala khansa, ndinawapempha ndine amayi kuti andibise chifukwa cha mutuwu. Atatero anakhala pansi pakhonde ngati thumba.

Aneba anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka mwala unagwa. Anavula mpango wawo pamaso pa amuna onsewo, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita, nkuthamanga kudzamutsina mphuno.

"Mwana uyu wadya m'nyumba mwanga! Mukuyang'ana chiyani? Kaimitseni lole!"

Si onse anakhulupirira. Ena anachoka akung'ung'udza kuti ndi matsenga omwewo. Koma mantha anga anali atasamukira kale kwina. Dokotala anandichenjeza kuti mwanayu akayamba kutaya magazi osaleka, ndisadikire. Ku chipatala chaching'ono anamuika thonje m'mphuno nkutiuza kuti tithamangire ku boma.

Lole inali ya usipa wopita ku Mangochi. Tinamugoneka pamwamba pa matumba. Amene anamukweza ndi bambo wa chigubu uja, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinamukhululukira. Aneba anakwera nafe osavala nsapato. Msewu umenewo amene anaudutsapo amaudziwa. Lole ikagwa m'dzenje, thonje linkanyowanso. Mpango unatha ntchito, tinayamba chitenje changa. Ndinkatsegula zikhatho zake kawirikawiri, zikunka ziyera. Ndinkamufunsa mafunso opusa, likulu la dziko lakuti ndi liti, seveni kuchulukitsa ndi eyiti, kuti asagone. Titadutsa theka la ulendo anasiya kuyankha, ankangofinya chala changa.

Tinafika dzuwa litapendeka. Namwino anamuyang'ana m'zikope nkuthamanga, ndipo namwino akathamanga umadziwa kuti zinthu zavuta. Patapita kanthawi anabwera kwa ife pakhonde.

"Mayi, akufunika magazi lero lomwe. A gulu lake atithera. Mwabwera ndi achibale angati?"

Anga ndinkadziwa kale kuti sagwirizana ndi ake. Achibale anali ku Ntcheu. Namwino anatembenukira kwa aneba.

"Nanga inu mayi, tikuyezeni?"

Nkhope yawo inasintha. Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chipilala. Ndinazindikira kuti nkhani ya anamapopa sinachoke mumtima mwawo. Anakhulupirira kuti mwanayo akudwaladi, koma zoti kuli anthu opopa magazi, ndiponso kuti munthu akapopedwa amafota nkufa, zinali momwemo.

"Amadamu," ananong'ona, "ndiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Akachotsa, munthu amadzuka?"

"Amadzuka. Ine ndinaperekapo."

Anandiyang'ana ndi maso oti inu munandinamiza kale. Ndinagwada pa simenti, anthu akudutsa, nkuwagwira mapazi afumbi aja. Ndinkangolira.

Analowa. Atawayeza, gulu linagwirizana. Anagona pakabedi thupi lonse likunjenjemera mpaka kabediko kankalira. Namwino akuwamanga lamba pamkono, aneba anandikokera pafupi.

"Mundimvere. Ndikapanda kudzuka, wamng'ono uja apite kwa achemwali anga ku Nkope, asakhale ndi bambo ake, sangamuthe. Usipa uli pa thandala auchotse usananyowe ndi mame."

"Aneba, simufa."

"Ndamva. Koma mukanene."

Anati Bisimila, natseka maso. Singano italowa sanakuwe. Milomo inkangoyenda, misozi ikutsikira m'makutu, dzanja lawo litandifinya mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Ine ndinkayang'ana thumba likudzaza pang'onopang'ono. Ndaonapo anthu olimba mtima, koma sindinaonepo wina wopereka chinthu akukhulupirira kuti chimupha.

Atamaliza anawapatsa chakumwa chotsekemera. Anakhala tsonga, nadzigwiragwira manja ndi nkhope.

"Ndi zomwezi basi?"

Mmawa mwake mwana wanga anatsegula maso nkupempha tiyi. Zikhatho zinali zitayamba kubwerera mtundu. Lero ali ku sekondale, tsitsi linamera, ngakhale kuti akangoti mutu ukuwawa ine mtima umaima. Ndalama zija ndinakapereka ku Blantyre popanda pepala, ndipo palibe anandifunsa mayina.

Aneba anabwerera kumudzi tsiku lomwe mwana anatsegula maso lija, pa lole yomweyo. Ndinawaperekeza nditawagulira mapatapata. Ndinayamba kuwauza kuti ndikafika ndikaima pamaso pa mudzi wonse kunena zomwe achita. Anandigwira pakamwa.

"Wallahi, musayerekeze. Akamva kuti ndapereka magazi nkubwerako wamoyo, adzati ndine mmodzi wa iwo. Ine ndilibe kwina kothawira, amadamu, inu muli ndi ku Ntcheu. Mukanene kuti ndinangokuperekezani. Ndipo mukandiona pamjigo musandipatse moni."

Ndinakhalanso chaka chathunthu pa sukulu ija ndisanasamutsidwe. Tinkakumana pamjigo pafupifupi tsiku lililonse. Iwo ankayang'ana ndowa yawo, ine ndinkayang'ana yanga. Ndinali ndi zikomo amene sindikanatha kumunena, ndipo ndinachoka kumeneko ndisanawapatse moni ngakhale kamodzi.