Nsichi za a Harold Zozikidwa Chadodolido

Nkhaniyi inayamba ndi mbuzi. Lachiwiri lina m'mawa, mu Okotobala, mbuzi ya kwa aneba inabwera kudzadzikanda pampanda, nsichi imodzi n'kuthyokera m'dothi, mbali yonse ya kumsewu n'kuwerama. Maureen, amene ankasenda chinangwa cha makaka pakhonde pake, anaigenda mbuziyo ndi chibuma, napita kukaona.

Nsichiyo inali itaola kumunsi, chiswe chitaiboolaboola. Zimenezo sizinamudabwitse, pakuti ku Mulanje mtengo ukapirira mvula ya zaka ziwiri uli m'dothi ndiye kuti wakhalitsa. Chinamudabwitsa ndi china. Mtengowo unali wonenepa kumwamba, woonda kumunsi, ndipo timaso take, tija timatulutsa nthambi, tinkayang'ana pansi. Anasuzumira nsichi yotsatira, chimodzimodzi. Anayenda ndi mpandawo, kudutsa kuseri kwa bafa, kuzungulira kadimba ka mpiru, mpaka kukafika pakhola la nkhuku. Nsichi zonse zinali zozikidwa chadodolido.

Mpandawo anthu ankati ndi wa a Harold, amuna a malemu Ireen, mkulu wake wa Maureen. Koma kumeneko kunali kungonena chabe. Dothi limene unaimapo linali la mbumba ya kwawo kwa Ireen, ndipo a Harold anali mkamwini. Chaka chinali chitakwana chimwalirire akazi awo, motero Loweruka la sabata yomweyo abale anali atapangana zokumana kuti awasudzule, azibwerera kwawo. Ana awo anali awiri, amuna okhaokha, aliyense kwa mkazi wake, choncho panalibe mwana wamkazi woti n'kunena kuti bambo anga asachoke. Kwawo ku Muloza kunali kutatsala dzina lokha: makolo anatha kalekale, minda anagawana ana a alongo awo. Nayenso Maureen anali ndi maganizo ake amene sankawatulutsa pakamwa. Mwana wake wamkazi Pilirani ankayembekezera ukwati, malo omangapo anali osowa, ndipo nyumba ya a Harold inali ya njerwa zootcha, denga lake losadontha.

Maureen anawapeza a Harold akunola chikwanje pamwala kuseri kwa nyumba yawo.

"Alamu, bwana wanu, mpanda uja, akukuitanani uko. Nsichi yagwa."

"Ndamva kulira kwake," anayankha a Harold osadzutsa mutu. "Imeneyo ndimaidziwa, inayamba kudwala mu Juni."

"Nanga bwanji mitengo yanu mumaizika miyendo m'mwamba? Kapena ku Muloza kwanuko anthu amayenda ndi mitu?"

"Kwathu timayenda pa njinga, alamu. Thamangani, nkhuku zikukuthandizani kusenda chinangwa."

Zinalidi zoona, ndipo Maureen anathamanga. Koma funso lija linamukakamira ngati chisoso pansalu.

Akanakhala munthu wina, akanangoti n'kusadziwa. Koma a Harold mitengo ankaidziwa kuposa mmene ena amadziwira ana awo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankasenza matabwa kuchokera ku Chambe, kutsetsereka nawo phiri opanda nsapato, ndipo pamutu pawo pali dazi mpaka lero pamene pankakhala nkhata. Maondo atayamba kudandaula, analowa ntchito pa esiteti ya tiyi. Anayamba ndi kupalira, kenako kudulira, mapeto ake anawaika ku nazale, kumene anakhala zaka makumi awiri akudula timitengo ta tiyi n'kumatizika m'machubu kuti timere. Munthu wotero sangasokoneze kutsinde ndi kunsonga. Ngakhale atamumanga nsalu kumaso, chala chokha chingamuuze.

Lachitatu Maureen anasamutsira lichero lake pansi pa mpeyala kuti aziona bwino. Zaka zonsezi mpanda ankangouona uli chiimire, monga mmene munthu amaonera phiri, osaganiza kuti pali amene amauimika. Tsiku limenelo ndi pamene anaona ntchito yake. A Harold analawirira kumtsinje, nabwera ndi mtolo wa mitengo ya gilisidiya ndi ya mabulosi paphewa. Anasenda makungwa mbali yokalowa pansi, anasonkha kamoto ka mapesi, n'kumawaula mtengo uliwonse, akuutembenuza pang'onopang'ono mpaka utada. Anaupaka oyilo wakutha amene ankakapempha kwa amakaniko ku Chitakale. Kenako anachirikiza mpanda ndi mtengo wa mphanda, anamasula linya, anakumba chitsa choolacho ndi chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, anataya timiyala m'dzenje, anazika nsichi yatsopano, natsindira dothi ndi mpini wa khasu. Pamene nsichi inali itangoola kumunsi kokha, sankaizula. Ankazika ina yaifupi pambali pake n'kuzimanga pamodzi ngati mwana kumsana kwa make. Ndipo nthawi iliyonse, asanaike mtengo m'dzenje, manja awo ankautembenuza, nsonga pansi, tsinde kumwamba.

Ali chipenyerere, Maureen anazindikiranso kanthu kena kamene kanamuchititsa manyazi. Mpandawo sunkazungulira nyumba ya a Harold yokha. Unkatchinga kadimba kake iye, khola lake, bafa lake, ngakhalenso nandolo wa achimwene ake a Hopewell, amene ankakhala ku Chitakale n'kumangobwera nthawi yokolola. Chaka cha namondwe, madzi atagwetsa mbali yonse ya kumunsi, mpanda unadzuka pasanathe sabata ziwiri, ndipo iye sanafunsepo kuti waudzutsa ndani. Ankangoti zikomo kwa Mulungu kuti mpiru wapulumuka.

Lachinayi masana Maureen anawatengera a Harold thobwa m'kapu yaikulu.

"Lero kwagwanji, alamu? Thobwa wopanda kupempha? Kapena ndi kamba wa paulendo?"

"Imwani, musandilankhulitse pambali. Ine dzulo ndinakuonani. Mumachita kutembenuza dala."

A Harold anamwa, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Kuwaula n'kwa chiswe. Oyilonso n'ngwa chiswe."

"Sindinafunse za chiswe."

A Harold anayang'ana nyerere zimene zinkakwera chitsa. Kenako anati, "Mukuwakumbuka amalume anu a Bizwick?"

"Ndingawaiwale? Aja ankayenda ndi wailesi m'khwapa."

"Chaka chimene ndinalowa pakhomo pano, cha 1989, panalibe mpanda. Nkhumba zinkalowa mpaka m'khitchini. Ine ndi unyamata wanga ndinati ndiwaonetse apongozi kuti apeza mkamwini. Ndinadula mabulosi, ndinazika bwinobwino, tsinde pansi. Mvula itagwa, onse anaphuka. Alamu, unali mpanda! Wobiriwira, wosaola, woti chiswe chingolira nawo. Mkulu wanu anali atayamba kale kuwerengera zodzadya zipatso."

"Ndiye?"

"Ndiye a Bizwick anabwera tsiku lina, wailesi ili m'khwapa. Anauyendera wonse. Anati, 'Kodi bambo, mitengoyi ikakula idzakhala ya yani? Mwabwera kudzakwatira kapena kudzalemba malire? Mkamwini asamakule mwendo.' Ndinazula ndekha, iwo ataima pomwepo. Kuyambira apo ndinati mtengo wanga usadzamerenso pano. Koma gilisidiya ndi mabulosi ndi mitengo yamakani. Ukaisenda, ukaiwaula, ina imaphukabe. Koma ukaizika chadodolido imagonja."

Maureen analikumbuka tsiku limenelo. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anakumbuka mulu wa mitengo ya masamba pabwalo, mbuzi zikulimbirana, iye ndi anzake akuseka mkamwini watsopano amene ankagwetsa mpanda wake womwe, thukuta lili kamukamu. Ankayesa kuti walakwitsa mamangidwe.

"Ndiye zaka makumi atatu ndi zisanu mwakhala mukuzika mitengo yoti iole?"

"Yoti itchinge mbuzi. Kuolako imachita yokha."

"Achemwali ankadziwa?"

"Ankadziwa. Ankati ndine wopusa. Koma pamaso pa amalume awo nawonso sankatsegula pakamwa." Anabweza kapu. "Musadandaule, alamu. Pofika Loweruka ndikhala nditamaliza mbali ya kumsewu. Mwamuna wa Pilirani adzapeze poyambira."

Mawu amenewo anamulasa Maureen, chifukwa za Pilirani ndi nyumbayo anali asanauzepo munthu. Anatenga kapu yake n'kubwerera kwake. Lachisanu lonse anangokhalira kuzungulira pakhomo. Anakaima kuseri kwa nyumba yake, pamene panali khola lakale la nkhumba, nayeza malowo ndi mapazi, m'litali ndi m'lifupi. Anali ochepa, otsetsereka, oyandikana ndi nthochi. Anayezanso kachiwiri, koma sanakule.

Loweruka anthu anakhala pansi pa mpeyala. A Hopewell, amene tsopano anali mwini mbumba, anabwera atavala jekete ngakhale kunkatentha. Sanali munthu wankhanza. Anayamba ndi kuyamika: a Harold anakhala bwino ndi mlongo wawo, anamudwazika mpaka tsiku lomaliza, sanamvekepo ndi mbiri ya ndewu kapena ya mowa. "Koma mwambo ndi mwambo," anatero, "sitingamumange munthu pamudzi pa eni ake. Tiyenera kumumasula." A Harold anali atakhala pa kampando kawo, chipewa chili pabondo. M'nyumba, chikwama chinali chomangamanga kale.

"Achimwene," anatero Maureen, "musanamalize, tadzukani muone chinthu."

"Iwe, nkhani ili pakati."

"N'chifukwa chake. Tadzukani."

Anawatsogolera kumpanda, anthu ena n'kutsatira. Anawagwiritsa nsichi imodzi. "Tsinde la mtengo uwu lili kuti?"

A Hopewell anaisisita, naweramira pansi, nadzukanso. "Aa! Lili kumwamba." Anagwira ina. "Iyinso. Alamu, kodi munkazika mutaledzera? Paja ndangokuyamikani kumene kuti simumwa!"

Anthu anaseka. Maureen anadikira kuti kuseka kuthe, kenako anafotokoza zonse, za mabulosi, za a Bizwick ndi wailesi yawo, za nandolo amene a Hopewell akhala akukolola chaka ndi chaka osalumidwapo ndi mbuzi. Sanakweze mawu. Pomaliza anati, "Munthu uyu tinamuuza kuti asamere, iye anamvera. Lero tikuti achoke chifukwa alibe mizu. Nanga anamuzula ndani?"

A Hopewell anavula jekete n'kulikoleka pansichi. "Koma alamu, a Bizwick anamwalira Pilirani asanabadwe. Zaka zonsezi mumaopa munthu amene ali kumanda?"

"Sanabwere kudzandiuza kuti lamulo latha," anayankha a Harold. "Ndipo inu amene munatsala simunanenepo kanthu."

Panalibe anaseka. A Hopewell anakanda m'mutu, natembenukira kwa mlongo wawo. "Nanga Pilirani? Si iwe unkati malo achepa?"

"Sindinanene, ndinkangoganiza. Adzamanga kuseri kwanga, pa khola lakale. Ndayeza. Chipinda ndi pabalaza zikwana, akadzabereka adzaona okha."

"Mwamuna wake adzavomera kugona pamene pankagona nkhumba?"

"Ngati akumufuna mkaziyo adzavomera. Ena anagona pamene nkhumba zinkalowa m'khitchini."

Maureen sanadikire kuti agamule. Anatenga chikwanje cha a Harold, natsikira kumtsinje, nabwera ndi mtengo wa mabulosi wauwisi, wonenepa ngati mkono, utomoni ukuchucha. Pafupi ndi chipata panali dzenje limene a Harold anakumba dzulo lake koma anali asanazikepo kanthu. Anawapatsa mtengowo.

"Osasenda, osawaula, osapaka oyilo. Zikani."

A Harold anayang'ana a Hopewell. A Hopewell anapinda manja a malaya, nagwada pambali pa dzenje. "Bweretsani, ndikugwirireni. Mwambo wa kusudzula tichita, kuti mzimu wa mlongo wanga ugone, inunso mukhale omasuka. Koma chikwamacho mukamasule."

A Harold ananyamula mtengowo, naweramira kudzenje, ndipo manja awo, osawafunsa eni ake, anautembenuza nsonga pansi.

"Alamu!" anakuwa Maureen.

"Pepani, pepani. Manjawa ndi a 1989."

Anautembenuzanso, tsinde n'kulowa m'dothi. A Hopewell anagwira, a Harold anatsindira ndi mpini wa khasu, pang'onopang'ono, mosamala kuposa masiku onse, kuopa kusupula khungwa.

Mvula inayamba kumapeto kwa Novembala. Pa sabata yachitatu Maureen, amene tsopano sankadutsa pachipata osasuzumira, anaona timasamba titatu tatuluka pa kaso kam'mwamba. Anapita kukawaitana a Harold, koma pobwera anapeza mbuzi ija ya kwa aneba itaimirira ndi miyendo iwiri, kamodzi katatha kale.

"Mwaona zimene mwandiyambitsira?" anatero a Harold, akuithamangitsa ndi chipewa. "Yakufa ija mbuzi sizinkaifuna."

Madzulo ake anakadula nsungwi, nayamba kuluka kachitetezo kozungulira mtengowo. Maureen anabweretsa mpeni wake, nakhala pansi pambali pawo, n'kumawang'ambira nsungwizo.