Alamu Anga Samwa Mankhwala

Alamu anga ndi owotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mawilibala othyoka mwendo, zonsezo zimadutsa m'manja mwawo. Shedi yawo ili kuseri kwa malo omwetsera mafuta, yamalata akuda ndi utsi, ndipo pansi pake sungapondepo wopanda nsapato. Anthu amawatcha a Chitsulo, dzina lomwe amalikonda kuposa lomwe anapatsidwa ndi makolo. Ine ndimangoti alamu, chifukwa anakwatira achemwali anga, ndipo mlamu ndi munthu yemwe ungamuseke pamaso osamenyedwa.

Muwadziwe kaye munthuyu. Moyo wawo wonse akuwotcherera, magalasi akuda aja amavala pachipumi, osati m'maso. Akati ayatse moto amangotsinzina diso limodzi n'kupotoza khosi. Mawa lake maso ali psuu, misozi ikuyenderera, iwo n'kumati ndi fumbi. Malungo amawatcha kutopa. Chala chitaphwanyika ndi hamala anachikulunga ndi tepi ya magetsi n'kupitiriza ntchito.

Ndiye zaka zingapo zapitazo mtima unawachita chipongwe. Anagwa ali ndi geti m'manja, anzawo n'kuwathamangitsira kuchipatala. Adokotala anati mtima wawo umagunda mosokonekera, ndipo mtima wotero umapanga timibulu ta magazi oundana, tomwe tikathawira kumutu munthu amafa ziwalo mbali imodzi. Anawapatsa mapiritsi osungunula magazi, limodzi m'mawa uliwonse, mpaka kalekale.

Anamwa mwezi umodzi. Kenako tsiku lina, tonse tili pakhonde, anatenga kabokosi kaja n'kukaponya m'bini, mwaulemu wake wonse ngati akutsegulira msonkhano.

"Magazi anga si penti woti muzisungunula ndi petulo," anatero.

Achemwali ndi munthu wosakangana. Amangokuyang'ana, n'kukachita zomwe akufuna. Alamu atangotuluka anavuula kabokosiko, n'kukapukuta ndi nsalu. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankaphwanya piritsi pakati pa masipuni awiri n'kulithira mu tiyi wa amuna awo, shuga wambiri pamwamba. Mapiritsi akatha ankatenga khadi la alamu n'kukalandira ena, kuwauza a kuchipatala kuti bambo atanganidwa. Zonse ankabisa m'chitini cha ulusi ndi singano, malo omwe mwamuna ngati uja sangatsegule ngakhale nyumba ikupsa. Odziwa tinali awiri basi, iwo ndi ine.

Ndiye mukanamva ulaliki wa pashedi! Munthu wangobwera kudzawotcheretsa mpando, akulandira ndi phunziro lomwe.

"Mukundiona ine? Madokotala anati ndikasiya mapiritsi sinditha chaka. Ndinataya! Lero ndili pano, ndikunyamula geti ndekha."

Akadzicheka ndi lata magazi ankatuluka osafuna kuleka, iwo n'kukweza chala m'mwamba kuti aliyense aone. Ati magazi a munthu wamoyo amathamanga choncho. Nthawi zina ankadandaula kuti tiyi wa masiku ano akuwawa kumapeto, n'kuyamba kutukwana makampani kuti akuthiramo zinyalala. Achemwali ankavomera kuti eya, makampani ndi akuba. Ine ndinkachita kudziluma mlomo, ndinkathawira kubafa kukaseka.

Chaka chino kuseka kunatha. Alamu anayamba kutuwa. Pamikono pankatuluka zipsera zakuda popanda chowagunda, kamfuno ankabwera pafupipafupi, ndipo akayenda pang'ono ankapumira m'mwamba. Kenako achemwali anaona magazi m'chimbudzi alamu atangotulukamo. Alamu anakana, anati ndi tomato. Koma tsiku lomwe analephera kudzutsa felemu la chitseko, chinthu chomwe kale ankanyamula ndi dzanja limodzi, anavomera kupita kuchipatala chachikulu. Ine ndinaperekeza, chifukwa achemwali akalowa m'makonde a chipatala amasokonezeka mutu.

Adokotala, mayi wamng'ono thupi koma wolankhula mosazungulira, anati magazi achepa kwambiri ndipo akutayikira m'matumbo. Anati ayenera kuunikamo ndi kamera, yomwe imakhala kunsonga kwa kachubu katali kofewa.

"Kamalowera pati?" anafunsa alamu.

Adokotala anawauza. Alamu anayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu.

Atatipatsa tsiku, anatitumiza kwa anesi ena a magalasi kuti atifotokozere zokonzekera. Anesiwo ananena za zakudya zoyenera kusiya, ndi za mankhwala otsuka m'mimba omwera dzulo lake. Kenako anafunsa funso lija.

"Bambo, pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku? Makamaka osungunula magazi. Ndikufunsa chifukwa adokotala akapeza kachotupa amakadula pomwepo, ndiye ngati magazi ali osungunuka satseka. Komanso munthu sasiya yekha. Adokotala ndi amene amanena tsiku losiyira ndi loyambiranso, chifukwa mukasiya msanga, magazi angaundane n'kukupwetekani kumutu."

Khadi la mtima lija linali kunyumba, m'chitini cha ulusi. Anesiwo analibe poonera.

"Ndinataya kalekale, mayi," anatero alamu, chifuwa patsogolo. "Thupi langa silidziwa piritsi. Si choncho, mayi a kunyumba?"

"Ndi choncho," anatero achemwali, ndi mawu ang'onong'ono, maso ali pa chikwama chawo.

Mawa lake achemwali anandipeza ndikuchapa. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ndingosiya kuthira mwakachetechete," anatero.

"Liti? Tsiku lake mukulidziwa? Mukasiya msanga afa mbali imodzi. Mukachedwa akatayira magazi patebulo la adokotala. Mwasanduka dokotala liti inu?"

"Nanga nditani, iwe?"

"Auzeni!"

Apa ndi pomwe anakhala pansi, pa ndowa yovundikira. Anati ine sindikuwadziwa alamu. Anati munthu amene wakhala akulalikira pashedi zaka zonsezi akamva kuti ankamwetsedwa ngati khanda, sadzalandiranso ngakhale madzi ochokera m'manja mwawo. Shedi yonse idzawaseka, ndipo wowasekesa adzakhala mkazi wawo yemwe. Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti alamu akaikidwe m'manda ndi ulemu wawo wonse wosakhudzidwa. Analira. Nanenso ndinamva chisoni, chifukwa mantha awo sanali opanda pake. Mwamuna uja amatha kusunga mkwiyo mpaka dzimbiri.

Tinagwirizana zoti tipite kwa anesi aja mobisa, tikawauze zoona, atiuze tsiku losiyira, alamu asadziwe kanthu. Inde, bodza lina pamwamba pa bodza, koma banja limeneli limayenda choncho. M'mawa wa tsikulo achemwali anauza amuna awo kuti tikukagula nsalu. Alamu anati zili bwino, nawonso akukayeza geti kwa kasitomala wina kutali.

Khonde la chipatala linali lodzaza, fungo la mankhwala okolopera lili guu, wailesi yakanema ikuonetsa mpira popanda mawu. Titakhota pakona ya ofesi ya anesi aja, ndinaona ovolosi yodziwika. Pabenchi panali alamu, chipewa atachitsitsira kumaso, tepi yoyezera ikulendewera m'thumba. M'manja anali ndi kanthu kena komwe kanasowa msangamsanga atationa.

Tinayang'anana.

"Bambo," anatero achemwali, "geti lija lili kuno?"

"Nanga nsalu zija ayamba kugulitsa kuno?"

Ine ndinakhala pakati pawo ngati mpanda, tonse maso ali pa mpira wopanda mawu uja, mpaka anesi anatsegula chitseko.

"Eee, banja lonse! Lowani."

Mkatimo anesi anafunsa kuti ayambe ndani. Ndinawatsina achemwali pantchafu. Anatsegula chikwama, n'kuika kabokosi ka mapiritsi patebulo.

"Tsiku lija tinanama," anatero. "Bambowa amamwa. Sadziwa, koma amamwa. Ndimawathirira mu tiyi, chiyambire tsiku lomwe anataya."

Ndinadikira chiphaliwali. Sichinabwere. Alamu anayang'ana kabokosiko, n'kuyang'ana akazi awo, kenako anapisa dzanja m'thumba la ovolosi pang'onopang'ono. Anatulutsa kabokosi kena, kofanana ndendende, kungoti kanali kakuda ndi zala za oilo. Anakaika pambali pa kanzake.

"Inenso ndimamwa," anatero, akulankhula ndi tebulo. "Ndikangofika pashedi. Ndimabisa m'chitini cha ndodo zowotcherera. Ndimagula ndekha kufamase."

Anesi anavula magalasi.

"Kuyambira liti, bambo?"

"Chaka chatha."

"Ndiye kuti chaka chonsechi mwakhala mukumwa awiriawiri? La mu tiyi, ndi la pashedi?"

Sanadikire yankho. Anatuluka chothamanga kukaitana adokotala.

Mayi wamng'ono uja anawatsuka onse awiri popanda sopo. Anati n'zamwayi kuti magaziwo anasankha kutulukira m'matumbo, chifukwa akanatulukira m'mutu bwenzi tikukamba zina. Anawatenga magazi tsiku lomwelo, anasuntha tsiku la kamera kuti thupi liyambe lakhazikika, anakambirana ndi adokotala a mtima, n'kutiuza tsiku losiyira ndi loyambiranso. Analamula kuti kabokosi kakhale kamodzi, patebulo, poyera, pomwe aliyense akuona. Kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa ngati nanenso ndimawathirira penapake. Ndinati ayi, ine ntchito yanga inali kuseka basi. Sanaseke.

Pobwerera, pamalo odikirira basi, zinaphulika.

"Zaka zonsezi kundithirira mankhwala ngati khoswe!"

"Nanga inu? Kulalikira anthu kuti munataya, muli nawo m'chitini cha ndodo zowotcherera!"

Achemwali anga, munthu wosakangana uja, anakuwa mpaka ogulitsa nthochi anasiya malonda. Anawafunsa kuti ngati anaganiza zoyambiranso, chinawaletsa n'chiyani kunena. Anawafunsa chomwe chinawatembenuza mtima. Alamu anati imeneyo ndi nkhani yawo, n'kukwera basi osayang'ana m'mbuyo.

Zomwe achemwali ankaopa zinachitikadi. Mawa lake alamu anadzuka okha, n'kudziphikira tiyi okha, munthu amene sankadziwa pokhala masamba. Chakudya ankadzipakulira okha mumphika. Achemwali akawapatsira madzi, ankati alibe ludzu. Nyumba inazizira. Ndikapitako ndinkapeza achemwali atakhala pamakina osokera, osasoka kanthu, akuonda ndikuwaona. Ndinayesa nthabwala zanga zonse za chilamu, sizinagwire.

Ngakhale tsiku lotsuka m'mimba silinawafewetse. Mankhwala aja ndi chigubu chathunthu, ndipo a Chitsulo anathamanga mtunda wa pakati pa mpando ndi chimbudzi mpaka miyendo inayamba kugwedera. Koma chigubucho anasakaniza okha, chitseko cha kukhitchini atatseka.

Tsiku la kamera anawaveka chovala chotseguka kumbuyo chija. Anayenda chammbali ngati nkhanu, atagwira kumbuyo ndi manja onse awiri, mpaka analowa. Ife tinakhala pabenchi. Achemwali ankangopinda ndi kupindula mpango wawo. Patapita nthawi adokotala anatuluka n'kunena kuti apeza kachotupa, akadula, ndipo magazi atseka bwinobwino. Anati akatumiza kokayeza, koma mmene kakuonekera akapeza nthawi yabwino, kakanakhala zaka zina kakanasanduka zoopsa. Anati mwina ndi mapiritsi owirikiza aja anakachititsa kutaya magazi msanga mpaka kuonekera, koma anatiloza chala kuti wina asayerekeze kunyadira zimenezo. Ndinadziwiratu kuti pashedi pabadwa ulaliki watsopano.

Anatilowetsa m'chipinda chopumuliramo. Alamu anali gone kuseri kwa katani, mankhwala ogonetsa asanawathere, maso theka, pakamwa pali yasaa. Achemwali anaima chapatali, poopa kukanidwa pamaso pa anthu. Koma alamu anatambasula dzanja, n'kuwagwira pamkono.

"Mayi," anatero, lilime likulemera. "Kalipentala uja. Mnzanga uja."

"Eya, bambo. Amene anafa mbali imodzi."

"Ndinapita kukamuona. Ndinapeza mkazi wake akumunyamula, kupita naye kuchimbudzi. Kamayi kochepa ngati inu. Anagwa naye pakhomo, onse awiri. Ndinati, ine ndine wolemera kuposa uyu. Mayi a ana anga msana wawo ndi wovuta kale. Sangathe. Ndiye ndinadzera kufamase."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanandiseka."

Maso anatsekeka, n'kuyamba kuliza mkonono, dzanja lili chigwirire. Ine ndinalira, sindibisa, ndinalira ngati mwana pamaso pa anesi. Achemwali sanalire. Anakoka mpando ndi phazi, n'kukhala pafupi, n'kuwakonzera chovala chija paphewa.

"Ndikanatha, bambo," anatero kwa munthu wogonayo. "Ndikanakunyamulani ndithu."