Nyali Yofiira pa Mimba ya Amayi

Amayi anga anavutika ndi kudzimbidwa kwa zaka zambiri, moti nthawi zina sabata inkatha osapita kuchimbudzi. Chaka chatha achimwene anga, amene amachita malonda ku Kalomwe, anabwera kwathu ku Lifidzi ndi kanyali kowala mofiira. Anati kuwala kwake kumadzutsa matumbo.

M'mawa uliwonse ndinkawagoneka amayi pamphasa n'kumawaunika pamimba. Poyamba ankati akumvako bwino. Koma tsiku lina mimba inatupa n'kuuma gwa, ndipo anasanza phala lonse.

"Achimwene, tiyeni nawo kuchipatala," ndinatero.

"Iwe, tadikira kaye. Nyaliyi imagwira ntchito pang'onopang'ono."

Amayi anangondifinya dzanja, thukuta lili kamukamu. Ndinazimitsa nyaliyo n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa chapa, minibasi yonyamula anthu.

Njira yonse ya kuchipatala cha ku Ulongwe, chapa ikagwa m'dzenje amayi ankabuula, ine mtima uli m'mwamba. Adotolo atawapima anati matumbo atsekeka, ndipo tsiku lomwelo anatitumiza ku Tete kuti akawang'ambe. Achimwene anatipeza kumeneko mawa lake, atanyamula makapulana, nsalu zovala amayi, maso ali pansi. Amayi atatsitsimuka, anayamba ndi kufunsa ngati nyemba zawo tinazianika.