Jekete la Malemu Bambo

Lamulungu lina m'mwezi wa Juni, kwathu ku Biriwiri kunazizira moti mano ankachita kugundana. Juzi ndinalibe, choncho pamwamba pa bulauzi ndinavala jekete la malemu bambo anga, limene anabwera nalo kuchokera kumigodi ya ku Joni.

Pakhomo la tchalitchi anandiimitsa mayi ena, akuluakulu a mumpingo.

"Mtsikana iwe, chovala cha amuna m'nyumba ya Mulungu? Kavule."

"Sindivula, amayi," ndinayankha. "Jekete ili lakhala likulowa muno bambo ali moyo. Ladetsedwa liti?"

"Pathupi la mkazi n'lonyansa pamaso pa Ambuye."

"Ndiye Ambuyewo akandiuza okha m'katimo."

Ndinawalambalala n'kukakhala kutsogolo kwenikweni, kumbali ya azimayi. Kumbuyo ndinkamva manong'onong'o, koma nyimbo ndinaimba mokweza kuposa masiku onse. Mapemphero atatha mayi aja anakandinenera kwa mayi anga, omwe anangoyankha kuti, "Mukadamubwereka juzi yanuyo."

Sabata yotsatira ndinalivalanso, ndipo sindinaleke mpaka chisanu chitatha. Mayi aja anasiya kundipatsa moni chaka chonsecho. Ine sindinawapepese.