Mkazi Mnzanga wa ku Makata

Mwamuna akasiya kudya za pakhomo, ndiye kuti kwinakwake akukhuta. Izi sindinachite kuuzidwa, ndinakulira mu Ndirande.

Zinayamba matipate atangobwera kumene. Amuna anga ankagwira ntchito pa fakitale ina yosoka zovala ku Makata, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawalongedzera mbatata yophika m'kontena. Kenaka kontena ija inayamba kubwerera yosatsegula n'komwe. Ndikafunsa chifukwa, ankangoti "ambot" n'kuseka, ati ndiye kuti kaya. Ndikawapatsa madzi osamba, "salamat", ati zikomo. Ndiwo zikakoma, "lami". Potuluka m'mawa, "amping", ati udzisamalire. Munthu amene chikwatiranireni zikomo ankachita kumuumira ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi, lero akuthokoza m'chilankhulo chachilendo.

Ndinawafunsa amayi onse a pa mpopi. Sichinali Chilomwe, sichinali Chisena, ndipo mayi wina wa ku Mozambiki anakanitsitsa kuti si Chipwitikizi. Mtima unandiwawa kwambiri, poti mawu ofewa chonchi mwamuna saphunzira kwa mwamuna mnzake.

"Akukuphunzitsani ndani zimenezi, bambo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mnzanga wa kuntchito, wa ku Filipinzi. Chilankhulo chawo amati Chisebuwano."

"Ndipo mnzanuyo amaphikanso?"

"Amaphika bwino zedi."

Ndinakatula nkhaniyi kwa ankhoswe, amalume anga a ku Chilomoni, kuti ukwati wafika pa lekaleka. Iwo anati ndiyambe ndaona ndi maso anga.

Ndinapita nthawi ya nkhomaliro, mwana ali kumbuyo. Ndinawapeza kunja kwa geti, pansi pa mtengo, atakhala pa makreti ndi kabambo kowonda, ka imvi, kovala ovolosi yamafuta. Bamboyo anali makaniko wa makina osokera. Pakati pawo panali kambale ka mpunga ndi tinsomba touma, koti mwana wa sukulu sangakhute. Ndinayang'anabe uku ndi uku kufuna mkazi amene waphika.

Bamboyo atandiona anandikankhira kambale kaja. "Kaon ta."

"Akuti tidye," anatero amuna anga, maso ali pansi.

Nditakana, bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Anafotokoza m'Chingerezi, amuna anga akumasulira monyinyirika. Kwawo munthu akamadya amanena mawu amenewa kwa aliyense wodutsa, ndipo woitanidwayo amangothokoza n'kupitirira. Koma amuna anga, poti analeredwa kuti chakudya sakana, tsiku loyamba lomwelo anasamba m'manja n'kukhala pansi. Mawa lake chimodzimodzi. Mbatata yanga ankachita nayo manyazi kuitulutsa pamaso pa mpunga wa mlendo. Miyezi yonseyi bamboyo ankadya theka.

"Afunseni," ndinatero, "bwanji osakuthamangitsani?"

Bamboyo anasiya kuseka. Anati m'Blantyre monse analibe woyankhula naye chakwawo, mkazi ndi ana ali kutsidya la nyanja. Ankaphunzitsa amuna anga mawu aja kuti aziwamvako akutuluka pakamwa pa munthu wina. Ndinamva chisoni, ndipo mkwiyo umene ndinabwera nawo ndinasowa pouika.

Amalume ndinakawauza kuti mkazi mnzanga ndamupeza, ali ndi ndevu. M'mawa mwake ndinalongedza mbatata ya anthu awiri, ndi chigumu pamwamba. Madzulo kontena inabwera yopanda kanthu, yotsukidwa bwinobwino, kutsuka kumene amuna anga sakudziwa mpaka lero.